Chitini cha Dothi la Kukwale

Chinali chitini cha mkaka wa ufa, chija chachikulu chimene munthu wamkulu amapisamo dzanja lonse. Pepala lake linali litasupuka kalekale, ndipo dzimbiri linali litayamba kudya kukamwa kwake. Pansi pake panali mabowo asanu. Ndikudziwa kuti anali asanu chifukwa msomali ndinkagwira ndine pamene amayi ankakhoma ndi mwala, ndipo pa bowo lachinayi mwalawo unangotsala pang'ono kundiphwanya chala. Zinthu zambiri za m'nyumba mwathu ndinaziiwala, ngakhale mtundu wa chitseko sindiukumbukanso, koma chitini chimenecho ndikhoza kuchijambula lero nditatsinzina.

Chinali chilimwe cha chaka chimene bambo anga anamwalira. Anatisiya mvula ili mkati, fodya ali m'munda asanayambe kuthyoledwa, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinali mwana mmodzi yekha, chifukwa awiri amene anabadwa pambuyo panga sanakhalitse. Kwathu kumeneko, cha ku Simlemba, mkazi ndiye amatsata mwamuna, ndipo ng'ombe za malowolo zikangolowa m'khola la kwawo kwa mkazi, ana obadwawo ndi a kuchimuna. Amayi anali ochokera kwa Lukwa. Ng'ombe zawo zinali zitaperekedwa, zitadyedwa, zitaiwalika. Amene sanaziiwale anali abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga.

Ndisawanamizire abambo aakulu. Sanali munthu wolusa. Anali woseka bwino, wa mano oyera, woyimba besi kutchalitchi, ndipo m'thumba la jekete lawo simunkasowa mtedza wokazinga wopatsa ana. Ine ndinkawakonda kwambiri. Maliro atatha anabwera kwathu madzulo ena, nakhala pakhonde nthawi yaitali akulankhula motsitsa mawu, amayi ali chogwada pakhomo. Zimene anakambirana sindinazimve zonse. Ndinangotola mawu a amayi akuti, "Alamu, ine ndinakwatiwa kamodzi." Abambo aakulu anaseka, nasasa fumbi pabuluku, nati, "Palije kanthu, mulamu." Zoti tsiku limenelo anabwera kudzawapempha chokolo, kuti akhale mkazi wawo wachiwiri, ndinazidziwa nditakula kale.

Fodya atangopita kumsika, munda wa bambo anga unapatsidwa kwa ana aamuna a abambo aakulu. Abambo aakuluwo analozera amayi malo a kukwale. Zimenezinso anazinena akuseka, anthu akumva.

"Mkazi wofuna kukhala yekha azidzidyetsa yekha. Mvula ikagwa tione chomera pamenepo. Chikapanda kumera, tikusudzulani muzipita kwanu. Koma mwana ndi wathu."

Ndinalipo. Ndinamva mawu onsewo, ndikukukuta mtedza umene anali atandipatsa, ndipo ndinawayesa nkhani za akuluakulu zimene zimatha zokha.

Kukwale kunali kumapeto kwa mudzi, kumene anthu omanga msewu ankaphulitsa thanthwe kuti apeze miyala ine ndisanabadwe. Anasiya dzenje lalikulu limene silinkaphwa madzi ngakhale chilimwe chifike poti ng'ombe zikunyambita fumbi. Pambali pake panali kanyumba kopanda mawindo komwe ankasungiramo wonga wophulitsira miyala. Akuluakulu ankati pochoka, anthuwo anatsukira migolo yawo kuseri kwa kanyumbako, ndipo wonga umene unawonongeka anaukwirira pomwepo. Pamalo pamenepo panali pa mbee, ngati pabwalo losesa m'mawa uliwonse. Dothi lake linali lachikasu, ndipo likanyowa linkatuluka madzi ofiirira ngati otsukira nyama. Chisoso sichinkamera, nyerere sizinkadutsa, mbuzi zinkalambalala. Munda wa amayi unali umenewo.

Aphunzitsi anga a sitandade 3 ankadutsa njira ya kukwale popita kusukulu. Anali mlendo kwathu, munthu wowonda wokonda kuwerenga, amene anaphunzirako zaulimi asanalowe uphunzitsi. Tsiku lina anapeza amayi atakhala pansi pakati pa bwalo lachikasulo, khasu lili pambali. Anaima, natapa dothilo ndi kamtengo, nalinunkhiza. Kenaka anayenda mpaka kumalire kwake, kumene kapinga anali atayamba kuyanga pang'onopang'ono kulowera mkati, nakumbanso pamenepo.

"Mayi, dothi ili silinafe," anatero. "Muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Tina taphunzira kale kudya poizoni ameneyu, n'chifukwa chake udzu ukulowa cha kunoku. Koma ndi tochepa, ndipo tili ndi njala. Tipatseni chakudya, madzi ndi mpweya."

Anawauza zochita. Apale dothi lachikasu la pamwamba, aunjike milu. Mulu uliwonse ausakanize ndi dothi la pansi pa kapinga uja, ndowe, makoko a mtedza, mapesi oduladula ndi gaga pang'ono. Aziutembenuza sabata iliyonse, aziunyowetsa, aziufunditsa udzu. Ndipo anabwereza kawiri kuti madzi a m'dzenje la kukwale asawayerekeze, chifukwa zonse zokokoloka pamalopo zinkathera mmenemo. Lero ine ndimagwira ntchito yoyeza dothi, ndipo ndikhoza kunena kuti pa zonse zimene ananena aphunzitsi tsiku limenelo panalibe bodza. Akanakhala olimba mtima monga anali anzeru, bwenzi ndikulemba nkhani ina.

Amayi anapita kukapempha manyowa a m'khola la ng'ombe, khola lomwelo limene bambo anga anazika nsichi zake. Abambo aakulu anati manyowa ndi a fodya, si oseweretsa. Ndiye amayi anayamba kulondola ng'ombe za eni ake kudambo, beseni lili pamutu, kumatola ndowe zikangogwa. Ankazitola ndi manja, zili zotentha. Madzi ankakatunga kumjigo wa kusukulu, ulendo wautali, ndowa zisanu ndi imodzi pa tsiku, kudutsa pafupi ndi dzenje lodzaza madzi osalicheukira n'komwe. Anthu anati mkazi uja imfa ya mwamuna yamusokoneza mutu.

Ana anawapatsa dzina loti Nandowe. Anapekanso kanyimbo kake, kowombera m'manja, kamene ankayimba amayi akamadutsa ndi beseni lawo. Mawu ake ndikuwakumbuka onse koma sindiwalemba. Chimene ndilembe n'chakuti inenso ndinkayimba nawo. Poyamba ndinkangogwedeza milomo, kenaka ndinayamba kuyimba mokweza kuposa anzanga, kuti aone kuti ine si wa mbali imeneyo. Tsiku lina amayi anatembenuka, ndowe ikudontha kuchokera m'beseni n'kutsikira m'khosi mwawo, nandiona ndili pakati pa gululo manja ali m'mwamba. Anapitiriza ulendo wawo. Madzulo anandisambitsa monga mwa masiku onse, nandidzoza mafuta. Akuluakulu amati mako ndi mako angachepe mwendo, ndipo mwambi umenewu tinkaulemba m'makope athu kusukulu chaka chomwecho. Ine ndinakhoza bwino mayeso ake.

Dothi lija linawadya amayi. Zikhatho zawo zinasanduka zachikasu, chikasu chosachoka ngakhale atatsuka ndi phulusa. Mutu unkawapweteka mpaka ankamanga kansalu kothina pachipumi, ndipo masiku ena ankasanza kuseri kwa kanyumba kaja, n'kupukuta pakamwa, n'kutolanso khasu. Koma m'mawa wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira kwambiri, anandiitana, nafundukula udzu pa mulu umodzi. Panatuluka nthunzi. Anagwira dzanja langa nalipisa mkati mpaka m'chigongono. Munali motentha ngati pansi pa nkhuku yofungatira.

"Ukumva?" anatero monong'ona. "Akudya."

Ine ndinasolola dzanja msanga n'kulipukuta pa udzu. Ndinkaopa kuti anzanga akamva fungo.

Apa ndi pamene chitini chinabwera. Aphunzitsi anati njira yodziwira ngati poizoni akutha ndi kufunsa nyemba. Amayi ankadzaza chitini ndi dothi la m'milu, n'kubzalamo nyemba zitatu, n'kumathirira. Zoyamba sizinatuluke n'komwe. Atazifukula anazipeza zitawola. Zachiwiri zinatuluka, zinatambasula masamba awiri opiringizika, n'kufota. Amayi ankangotaya, n'kutembenuzanso milu yawo. Milu ija inasintha pang'onopang'ono. Fungo lake loboola mphuno, lofanana ndi la machesi oyaka kumene, linatha, ndipo dothi linada n'kuyamba kununkhira ngati pansi pa mtengo m'nkhalango. Mu Ogasiti, nyemba zachitatu zinatuluka zonse zitatu, zobiriwira, zoimirira njo, ndipo sabata yachiwiri zinaphukanso masamba ena.

Sindinawaonepo amayi akusangalala chomwecho chichokereni bambo. Anavina okha m'nyumba, chitseko chotseka, chitini atachikumbatira pachifuwa. Kenaka anachibisa kuseri kwa bafa, pamalo pofika dzuwa koma posafika maso a anthu.

"Usauze munthu," anandiuza. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Tidikire mvula."

Ndinasunga chinsinsicho masiku anayi. Tsiku lachisanu ana a abambo aakulu anandikana kumasanje, nati mwana wa Nandowe angatinunkhitsire miphika, amake amalima pamalo posamera ngakhale chisoso. Mtima unandiwawa. Ndinathamangira kuseri kwa bafa, ndinanyamula chitini, n'kupita nacho kubwalo la abambo aakulu, kuti onse aone kuti amayi anga si amisala. Ndimafuna kukhulupirira kuti ndinachita zimenezo chifukwa cha amayi. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kulowa nawo masanje.

Abambo aakulu anali pansi pa chigafa cha fodya akumata makeni othirira. Anaika keni pansi. Anayang'ana nyemba zija nthawi yaitali, natapa dothi pang'ono, nalifikisa pakati pa zala, nalinunkhiza. Dothi ankalidziwa, zimenezo sindingawamane. Anandifunsa ngati linali la kukwale, ndinati eya, nandifunsa ngati lilipo lambiri, ndinati milu isanu ndi itatu. Anandisisita kumutu, nandidulira nzimbe mfundo zitatu.

"Mwana wanzeru uyu," anauza akazi awo. "Magazi athu enieni."

Tsiku limenelo ndinali mayi wa nyumba kumasanje.

Chaka chimenecho zitsime za kudambo zinaphwa msanga, ndipo nyengo yofesa nazale wa fodya inali itakwana. Mlimi aliyense wa fodya ankasaka zinthu ziwiri, dothi lakuda ndi madzi apafupi. Abambo aakulu anapeza zonse ziwiri kukwale, zitakonzedwa kale. Anabwera m'mawa ndi ana awo aamuna, makasu ali paphewa.

"Mulamu, ndangobwereka. Mbande zikachoka, malo ndi anu."

Amayi anadziwa kuti kukana sikungathandize. Anagwada nati atenge malo, atenge dothi, koma chinthu chimodzi chokha asachite: asatenthe. Abambo aakulu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo anyamata aja anaseka nawo. Ndani anafesapo fodya osatentha mabedi? Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo udzu ukamera nayo limodzi umaipha. Choncho kwathu munthu akakonza mabedi a nazale amaunjikapo mapesi a chimanga ofika m'mawondo n'kuyatsa, kuti moto uphe njere za udzu ndi matenda a m'dothi. Anachita zimenezo agogo athu, ankachita zimenezo bambo anga. Sanali opusa. Pa dothi lina lililonse ankakhoza. Koma apa chimene chinkateteza mbewu chinali chamoyo, ndipo moto susankha.

Amayi anayesa kufotokoza za tizilombo timene timadya poizoni. Abambo aakulu anati tizilombo ndiye chimene akufuna kupha. Dothi la amayi linali lokwanira mabedi awiri, koma iwo ankafuna asanu ndi limodzi. Anyamata aja anagwetsa milu yonse, naimwaza, nalima mozama mpaka dothi lachikasu la pansi linatuluka n'kusakanikirana ndi lakuda. Ntchito ya miyezi inayi anaitembenuza dzuwa lisanafike paliwombo. Masana anatuta mapesi pangolo, nawayala bwinobwino pamabedi onse.

Zitatha izi abambo aakulu anatulutsa bokosi la machesi, nayang'anayang'ana, nandiona.

"Bwera kuno, mama. Mwini munda ndiwe. Yatsa ndiwe."

Ndinali ndisanapatsidwepo ulemu wotere pamaso pa anyamata akuluakulu. Machesi awiri oyamba anazima ndi mphepo. Abambo aakulu anagwada pambali panga, nanditchingira mphepo ndi manja awo aakulu, ndipo wachitatu unagwira. Moto unathamanga pabedi loyamba, n'kulumphira lachiwiri. Sunali moto wa mapesi wamba. Malo ena unkathetheka n'kulavula timoto tating'ono, utsi wake unali wachikasu, wowawa pakhosi, ndipo tonse tinabwerera m'mbuyo tikutsokomola. Ine ndinkadumphadumpha ndikuwomba m'manja.

Amayi anali ataima kumbali, manja ali kumbuyo. Mwadzidzidzi anatola beseni lawo la ndowe nathamangira pabedi lomaliza, kumene moto unali usanafike, nayamba kukankha mapesi n'kumakokolola dothi ndi manja. Mphepo inatembenuka. Anyamata awiri anawakoka, chitenje chawo chikufuka utsi m'mphepete, ndipo beseni linatsala m'motomo. Dzanja lawo lamanja linapsa kuyambira pachikhatho mpaka pamkono. Anyamatawo ankaseka powakoka, akuti Nandowe akufuna kupsera ndowe zake.

Moto utazilala, ana tinakwirira mbatata m'phulusa. Yanga inapsa bwino, yofewa mpaka mkati. Ndinanyema pakati n'kupita nayo kwa amayi, amene anali atakhala pa khoma la kanyumba kaja, dzanja atalikulunga m'masamba a nthochi.

"Idya wekha," anatero.

Ndinadya ndekha.

Zaka zambiri pambuyo pake, ndili kusukulu ya ukachenjede, ndinaika diso pa makina okulitsa zinthu zing'onozing'ono n'kuona koyamba zimene zimakhala mu dontho limodzi la madzi a dothi. Tinali tambirimbiri, tikuyendayenda, tikugawikana. Anzanga ankaseka n'kumakankhana kuti aone nawo. Ine ndinatuluka panja. Ndinazindikira kuti amayi anaweta ziweto zochuluka kuposa za munthu aliyense m'mudzi mwathu, kuti anazidyetsa ndi manja awo mpaka zinachulukana, ndipo kuti khola lonselo ndinalitentha ine ndi machesi atatu.

Abambo aakulu anafesa fodya wawo pa phulusa lija, naphimba ndi udzu. Anyamata ankathirira m'mawa ndi madzulo, akutunga m'dzenje la kukwale, mosavuta, mapazi ochepa chabe kuchoka pamabedi. Mbande zinamera bwino, mabedi onse anachita biriwiri, ndipo abambo aakulu ankabweretsa anzawo kudzaona. Sabata yachitatu masamba anayamba kuchita chikasu m'mphepete. Sabata yachinayi anapiringizika. Anathira feteleza, anapopera mankhwala, koma mmene mwezi wa Okutobala unkatha, pamabedi onse asanu ndi limodzi panalibe mbande yoti n'kuwokera ngakhale imodzi.

Kuseka kunatha. Abambo aakulu anati mkazi uja anakwirira mankhwala m'dothi chifukwa cha njiru, ndipo aliyense anakumbukira kuti ankamuona akulankhula yekha pamilu yake, akuti "akudya, akudya". Amayi anapita kwa aphunzitsi kukawapempha kuti adzanene pamaso pa anthu zimene anawauza, za moto ndi za madzi a m'dzenje. Ine ndinawaperekeza. Aphunzitsi anatilandirira panja, osatipatsa mpando. Nyumba imene ankakhalamo inafoleredwa ndi komiti ya sukulu, ndipo abambo aakulu anali m'komitimo.

"Mayi, ine ndine mlendo kuno. Mlendo ndi mame."

Kuyambira tsiku limenelo anasintha njira yopitira kusukulu.

Amayi anauzidwa kuti apite kwawo akatenge alongo awo, amalume anga, asibweni m'kalankhulidwe ka kwathu, amene anali nkhoswe ya ukwati wawo, kuti mlandu udzakambidwe pakatha masabata awiri. Asanapite anachita chinthu chanzeru. Anatulutsa chitini chija, dothi lokhalo la kukwale limene silinaone moto, naitana amayi aakulu, mkazi wa abambo aakulu, ndi amayi ena awiri oyandikana nafe. Pamaso pawo anazula nyemba zakale zija, zimene zinali zitayamba kuuma, nabzalamo zatsopano zitatu. Anati chitinicho sapita nacho, kuopa kuti anthu anganene kuti anakasintha dothi kwawo. Chitsale pomwepo. Abambo aakulu eni ake anali atalinunkhiza kale dothi limenelo, ndipo sakanatha kulikana.

Pondisiya kunyumba kwa abambo aakulu, anandikokera pambali nagwada kuti maso athu alingane. Dzanja lawo linali lisanapole, linkatuluka madzi.

"Mwana wanga, tamvera. Uzithirira m'mawa uliwonse, madzi a kumjigo. Zikamera, anthu adzaona kuti dothi limene ndinakonza ine silipha mbewu. Ndipo muli mbewu ya tizilombo tija. Tidzayambiranso apa, iwe ndi ine. Wamva?"

Ndinati ndamva.

Ndipo ndinathiriradi. Pa tsiku lachisanu nyemba zinatukula dothi, pa lachisanu ndi chitatu zinali ndi masamba. Amayi aakulu ankaima n'kuziyang'ana akamapita kukataya phulusa. Pa tsiku lakhumi kunagwa mvula yoyamba, yamphamvu, yonunkhira fumbi, ndipo itakata chakumadzulo wina anakuwa kuti ngumbi zatuluka pa chulu cha kuseri kwa chigafa. Amene anakulira kumudzi akudziwa misala ya nthawi imeneyo. Ana onse anathamangira m'nyumba kukalanda ziwiya. Amayi aakulu anaima pakhomo la khitchini akugawa, uyu kambale, uyu kapoto, uyu chidebe. Nditafika ine anati zatha.

"Iwe ugwirira m'manja? Si uli ndi chitini chako?"

Mawu amenewo ndakhala ndikuwatembenuza zaka zonsezi. Mwina anangolankhula monga munthu wotanganidwa. Mwina ayi. Iwonso anali ndi chifukwa chawo chosafunira kuti mkazi amene amuna awo ankamufuna akhale pafupi. Anamwalira ndisanawafunse, ndipo ngakhale akanayankha, dzanja limene linakhuthula chitinicho ndi ili ndikulemberali. Sindinaganize ngakhale pang'ono. Ndinachigubuduza pafupi ndi chulu, ndinachimenya kumbuyo kawiri kuti dothi lonse lituluke, ndinayala tsamba pansi kutseka mabowo aja, n'kulowa m'gulu la anzanga. Ndinadzaza chitini mpaka pakamwa. Mvula inagwanso, ndipo m'mawa pamalo paja panalibe dothi lakuda, panalibe nyemba, panali matope ndi mapazi a ana.

Ngumbi zinali zonona chaka chimenecho. Tinazikazinga ndi mchere, mafuta ake akuyenderera m'zala.

Amayi anabwera ndi amalume pa tsiku lake, atakwezana panjinga. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo la abambo aakulu, amuna pamipando, akazi pamphasa. Amalume anali munthu wofatsa, anavula chipewa nachiika pabondo. Abambo aakulu ananena zawo zonse, za fodya wakufa, za mkazi wolankhula ndi dothi. Amayi anadikira mpaka anamaliza. Anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ndipo nkhope yawo inali yowala ngati ya munthu amene wabisa chinthu chabwino. Anandiyang'ana namwetulira.

"Katenge chitini chija, mwana wanga."

Apo m'pamene ndinakumbukira zimene ndinachita nacho. Sindinaope china chilichonse koma kukwapulidwa. Ndinapita pang'onopang'ono, ndinachitenga pa thandala pamene chinkauma pamodzi ndi mbale, n'kubwera nacho nditachibisa kumbuyo. Amayi anatambasula dzanja lopsa lija. Ndinawapatsa.

Anasuzumiramo. Anthu onse anasuzumira nawo. Pa dzimbiri la kukamwa kwake panali patamatirira phiko limodzi la ngumbi. Abambo aakulu anaseka, kuseka kwawo kwakale kuja, kochokera m'mimba.

"Asibweni, umboni mwatiyendera nawo ulendo wonsewu ndi ngumbi?"

Amalume anavala chipewa chawo. Mlandu unathera pomwepo. Anawasudzula amayi masana omwewo, nawapatsa mphasa, miphika iwiri ndi khasu. Atapita anabwerako kawiri kudzandiona pampanda wa sukulu, mpaka abambo aakulu anamva n'kuletsa. Anamwalira ine ndili fomu 2, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale. Kukwale mpaka lero ndi pa mbee. Ndinapitako ndi zida zanga zoyezera, ndinatapa dothi, ndinalemba zimene ndinapeza, ndipo palibe amene anandifunsa kuti ndine mwana wa ndani.

Koma tsiku lija, pansi pa mango, amayi sanakuwe. Anachotsa phiko lija ndi chikhadabo, naliyang'ana, naliuluza. Kenaka anandikokera pafupi, nandikonza kolala ya diresi imene inali itapindika, nandifunsa motsitsa mawu, kuti ndimve ine ndekha.

"Zinali zonona?"

Ndinati eya.

"Unakhuta?"

Ndinati eya, ndinakhuta.

Anagwedeza mutu, nandibwezera chitini m'manja mwanga, nati ndizipita kukasewera. Ndinathamanga osacheuka, chitini chikulira pabondo langa, mtima uli mbee. Ndinakauza anzanga kuseri kwa chigafa kuti ine ndili ndi mwayi, amayi anga sanandimenye.